Fauré si mphasa yoyalapo mauthenga a malilo

Tili ndi dandaulo, ndipo tiyambila kunyumba, pa wailesi yathu yomwe. Ikafika nthawi ya mauthenga a malilo, wina amatsegula kompyuta, kuika "Pie Jesu" ya Gabriel Fauré pansipansi, n'kuyamba kuwelenga maina a otisiya ndi tsiku loika. Uthenga ukatha, nyimbo imadulidwa woimba asanatsilize n'komwe mpweya wake. Tikafunsa kuti akuimba ndani, yankho limakhala lakuti, "Kaya, ndi ija ya pa YouTube, yogonetsa." Ife zimenezi tikuzikana. Nyimboyi ili ndi mwini, ili ndi oimba a maina awo, ndipo siinalembedwe kuti igonetse munthu.

Fauré anali wa ku France, anabadwa mu 1845 ndipo anamwalila mu 1924. Zaka zambili anagwila nchito pa chalichi ca Madeleine ku Paris, poyamba ngati mtsogoleli wa kwaya, pambuyo pake ngati woimba ogani. Malilo anawaimbila mpaka kutopa nawo. "Pie Jesu" ndi kagawo cabe ka Requiem yake, misa ya akufa, imene inamveka koyamba pa 16 January 1888 pa mwambo weniweni wa malilo m'chalichi cimeneco. Kwaya inali ya anyamata ndi amuna, zoimbila zinali zocepa: ma viola, ma cello ndi zina za mau a pansi, zeze, ng'oma ndi ogani. Vayolini inali imodzi yokha, yomveka m'cigawo cimodzi. Orchestra yaikulu inabwela mu 1900, wosindikiza atafuna Requiem yoyenelela maholo a makonsati.

Ndiye cifukwa cake funso lakuti "lekodi ya ndani?" si lodzionetsela. Ife timaika patsogolo ya Philippe Herreweghe ndi gulu la La Chapelle Royale, ya mu 1988, imene imatsata mmene nyimboyi inalili mu 1893. Mmenemo mumamva liu lililonse, mumamva pamene oimba akupuma, ndipo Agnès Mellon amaimba "Pie Jesu" mosakometsela, ngati mwana wopempha. Ya John Rutter ndi Cambridge Singers, ya mu 1984, nayonso ndi ya gulu laling'ono. Atsogoleli a makwaya athu aimvele kuti aone mmene anthu ocepa amadzazila nyumba popanda kukuwa. Ya David Willcocks ya ku King's College, ya mu 1967, ili ndi orchestra yaikulu, koma timaikhululukila cifukwa ca kamnyamata Robert Chilcott. Tidziwa kuti ena atikwiyila, koma ya André Cluytens ya mu 1962 timaiona kuti ndi yolemela ndi yoyenda pang'onopang'ono mopitilila, ngakhale muli Victoria de los Ángeles ndi Dietrich Fischer-Dieskau. Mau a aŵiliwa ndi okoma, inde. Koma malilo ake ndi a anthu a ndalama.

Anzathu amatiyankha kuti, nanga si mwini wakeyo anaifewetsa dala? Zoona. Fauré anacotsa mbali yaikulu ya ndakatulo yoopseza ya tsiku la ciweluzo imene olemba ena ankailiza ndi malipenga, n'kutsiliza ndi cigawo ca paladaiso. Koma kufatsa si tulo. Pa nyumba ya malilo pamakhala mai wina amene salila mofuula, amangokhala pambali pa wofedwa usiku wonse, maso ali gwa. Mvelani "Libera me": zoimbila za pansi zimagunda ngati mtima wa munthu wamantha, ndipo pakati malipenga amabuka mwadzidzidzi. Amene amagona pamenepo ndiye kuti anaicepetsa voliyumu.

Wokayikabe apite ku piyano. Fauré analemba ma nocturne 13, ndipo popeza dzinalo likutanthauza nyimbo za usiku, amawaunjika m'mindandanda ya zogonela. Yotsiliza anailemba mu 1921, ali ndi zaka 76, makutu atamuthela. Mau a pamwamba ndi a pansi ankawamva mopotoka. Tangoganizani munthu wolemba nyimbo amene sangakhulupililenso makutu ake. Lekodi imene timakonda ndi ya Germaine Thyssens-Valentin, ya m'zaka za m'ma 1950. Ndi yakale, kumbuyo kuli kaphokoso, ndipo mnzathu wa ku makina anafuna kuisefa mpaka tinakangana. Mai ameneyu sazengeleza, salila nayo nyimbo. Amaiyendetsa, pakati imakwiya, kenako imathela m'malele ngati munthu wasiya kulankhula. Ya Jean-Philippe Collard ndi yoyela bwino kwa amene kaphokoso kamamusowetsa mtendele.

Pa nyimbo za munthu mmodzi ndi piyano sitinena zambili: Gérard Souzay, piyano ali Dalton Baldwin. Funani L'horizon chimérique, tinyimbo tinai tanso ta mu 1921. Mau ake ndi a Jean de La Ville de Mirmont, mnyamata amene anaphedwa ku nkhondo mu 1914, ndipo amakamba za nyanja ndi zombo zonyamuka iye n'kutsala. Nkhalamba yogontha kuimbila mau a mnyamata wakufa, ena n'kumati izi n'zothandiza kugona!

Sitikunena kuti Fauré asamveke pa nthawi ya malilo. Requiem yomweyi inaimbidwa pa malilo ake mwini ku Madeleine. Cimene tikupempha n'cocepa. "Pie Jesu" imatenga pafupifupi mphindi zinai cabe: ŵelengani mauthenga popanda cina kumbuyo, mukatsiliza iikeni yonse, ndipo muchule woimba monga mmene mumachulila kwaya ya kwanu ikaimba. Ngati mphindi zinaizo palibe, isiyeni, ofedwa amve maina a abale awo bwinobwino.

Pa Sondo usiku tapempha mphindi 40 kuti tiike ya Herreweghe kuyambila poyamba mpaka pothela, popanda malonda pakati. Woyang'anila mapulogilamu wati aganizilapo. Lekodi tili nayo kale pa flashi.