Maŵanga a Pachingwe Amachita Kuŵerenga

Pali ntchito ina ya manja imene Angerezi amaitcha hitching, ndiko kukuta chinthu chobulungira, monga ndodo, mpini kapena chitsulo chogwirira pokwera makwerero, ndi timfundo ting'onoting'ono tondondozana kufikira chinthucho chitabisika chonse. Munthu akaona ndodo yotere, mizere yofiira ndi yoyera itapotana pamenepo ngati chilambe pa mtengo, amayamikira maso a mmisiri, nati munthuyu amadziŵa kusankha mitundu. Kuyamikako nkwabwino, koma kwagwira nthambi nkusiya thunthu. Maŵanga a pachingwe amachita kuŵerenga, ndipo mmisiri wosadziŵa kugaŵa nambala sangawatulutse ngakhale maso ake atakhala akuthwa chotani. Nchifukwa chake ntchito imeneyi iyenera kuloŵa m'phunziro la masamu, m'malo moikankhira ku maola a madzulo pamene ana atopa ndipo mphunzitsi akuchonga makope.

Mfundo yake ndi imodzi yokha, ndipo mwana aliyense woŵeta mbuzi amaidziŵa. Chingwe chimazungulira mtengo kamodzi, nsonga yake niloŵa kunsi kwa chingwe chomwecho, nikokedwa. Ikamangidwa kamodzi siigwira kanthu. Koma ikabwerezedwa kambirimbiri moloza mbali imodzi, timfundoto sititsata mzere woongoka. Kalikonse kamakhala pambali pang'ono pa kanzake, ndipo mzere wonse umapotana nuzungulira mtengowo. Mmisiri akatembenuza dzanja, namanga ina kumanja ina kumanzere, mzere uja umaongoka. Akatenga zingwe zitatu nazimanga mosinthana chotero, pamwamba pa mtengo pamatuluka msana wonga tsumba la tambala, ndipo mpamene panachokera dzina lakuti coxcombing. Tsono zingwe zija zikakhala za mitundu yosiyana, mtundu uliwonse umabwerera pa mfundo yachitatu iliyonse, osalephera.

Eni ake a luso limeneli anali amalinyero a m'zombo zoyenda ndi mphepo. Iwo sanayambe ndi kukongoletsa. Chitsulo chonyowa chimaterera m'manja ndipo m'maiko ozizira chimaluma zala. Chingwe chachikulu chikamakhuzana ndi mphete yachitsulo usana ndi usiku chimaperepeseka. Kukuta zinthu zotere ndi mfundo kunali kuteteza dzanja ndi kuteteza chingwe. Koma zombo zosaka anamgumi zinkatha zaka zitatu kapena zinayi zisanabwerere kwawo, ndipo munthu wokhala ndi nthaŵi yochuluka chotero pamodzi ndi zidutswa za chingwe sakhutira ndi mfundo yongogwira basi.

Zambiri za iwo zikadaiŵalika pakadapanda Clifford Ashley, katswiri wojambula zithunzi wa ku New Bedford m'dziko la Amereka, amene anayendako ndi chombo chosaka anamgumi chotchedwa Sunbeam m'chaka cha 1904. Buku lake la mfundo, The Ashley Book of Knots, linatuluka mu 1944 atalilemba zaka khumi ndi chimodzi, ndipo muli mfundo pafupifupi 3,900 ndi zithunzi pafupifupi 7,000 zojambula yekha. M'bukumo muli lamulo lina limene mphunzitsi aliyense wa masamu akadalidziŵa sakadavutika kuyankha mwana wofunsa kuti nambala zogaŵa zinzake zili ndi ntchito yanji pa moyo wa munthu.

Lamulolo likhudza mfundo yotchedwa Turk's head, chibangili cholukana chimene amalinyero amatsekera nacho mathero a ntchito yawo pa ndodo. Chibangilichi chili ndi ziŵerengero ziŵiri: njira za chingwe zimene munthu amaŵerenga podutsa m'lifupi mwake, ndi mapindiko amene amaoneka m'mphepete mwake kuzungulira ndodo. Chingwe chikachoka pa pindiko limodzi chimadumpha mapindiko olingana ndi chiŵerengero cha njira zija chisanabwerere m'mphepete momwemo. Mapindiko akakhala 5 ndipo njira 3, chingwe chichoka pa 1 kupita pa 4, kenaka pa 2, pa 5, pa 3, nkubwerera pa 1 chitafika ponseponse. Chibangilicho chatheka ndi chingwe chimodzi. Koma mapindiko akakhala 6 ndipo njira 4, chingwe chichoka pa 1 kupita pa 5, kenaka pa 3, nkudzipeza chafika kale pa 1, pamene 2, 4 ndi 6 ali mbuu osakhudzidwa. Chifukwa chake nchakuti 4 ndi 6 onse amagaŵika ndi 2. Palibe ukatswiri wa zala umene ungathyole lamulo limeneli.

Komatu apa mpamene pagona nkhani ya mitundu. Malo atatu otsala aja amafuna chingwe chachiŵiri, ndipo chingwe chachiŵiricho chingathe kukhala chofiira pamene choyamba chili choyera. Nambala yaikulu yogaŵa ziŵerengero zonse ziŵiri popanda chotsala ndiyo imauza mmisiri kuti afunika zingwe zingati, ndiponso kuti angaikemo mitundu ingati yosasokonezana. Wofuna mitundu itatu asankhe 6 ndi 9. Ana amaloŵeza nambala imeneyi chaka ndi chaka, naiiŵala mayeso akangotha, chifukwa sanaionepo ikugwira ntchito.

Luso lomweli linakula mwa njira ina kumtunda, kutali ndi nyanja, m'ndende za kumadzulo kwa Amereka, monga ya ku Deer Lodge m'chigawo cha Montana, imene inatsegulidwa mu 1871, ndi ya ku Walla Walla m'chigawo cha Washington. Kumeneko akaidi ankagwiritsa ntchito ubweya wa kumchira kwa kavalo. Ubweya woyera ndiwo umamwa bwino utoto. Mmisiri amatenga tiubweya pafupifupi khumi, natipota kukhala kachingwe kamodzi, ndipo amapota timeneti tambirimbiri asanamange mfundo ndi imodzi yomwe. Kenaka amazengereza ulusi wolimba pa kamtengo kobulungira, nafoletsa tizingwe taubweya tija kuzungulira kamtengoko, ndipo kalikonse kamamangidwa mfundo imodzi pa ulusiwo nthaŵi iliyonse pamene ulusi wazungulira. Chotero mfundo iliyonse ndi kadontho kamodzi ka mtundu. Pofuna kutulutsa chithunzi chosongoka pamwamba ndi pansi, chonga dayamondi ya pa makhadi a njuga, amaonjezera tizingwe ta mtundu watsopano pakati, nabisa kunsi tina ta mtundu wakale, kusamala kuti chiŵerengero chonse chisasinthe, popeza kamtengoko sikakula kapena kuchepa. Ntchito ikatha amasolola kamtengoko, nanyowetsa chimene chatsala, nachipsinja pakati pa zitsulo ziŵiri zaphanthiphanthi kufikira chitakhala lamba kapena chingwe choongolera kavalo. Zingwe za akavalo zimene akaidi anapanga zaka zoposa zana zapitazo lero zimagulitsidwa madola zikwizikwi kwa anthu osunga zinthu zakale, ngakhale maina a ambiri mwa amisiriwo palibe anawalemba.

Ena adzati mbiri imeneyi ikudzitsutsa yokha. Amalinyero osoŵa kopita, akaidi osoŵa chochita, ndipo tingaonjezerepo alonda a usiku achizulu a ku Durban ndi ku Johannesburg amene ankakuta zibonga zawo ndi mawaya a telefoni amitundumitundu podikira kucha: kodi imeneyi si ntchito ya anthu otaya nthaŵi? Kodi kholo limene lagulitsa fodya kuti mwana aphunzire lidzakondwa kumva kuti mwanayo watha m'maŵa wonse akumanga mfundo pa nsungwi? Funsoli nlomveka, ndipo mbali ina nloona. Wachinyamata amene wamaliza Fomu 4 asanamizidwe kuti adzalemera ndi ntchito imeneyi. Lamba wa m'fakitale ngwotsika mtengo, ndipo wogula wamba saŵerengera masiku amene mmisiri anakhala pansi. Amene amalonjeza achinyamata chuma kuchokera ku ntchito iliyonse ya manja amawalakwira, chifukwa lonjezolo likalephera mwanayo amadana ndi manja ake omwe.

Koma funso lija lili ndi chilema chake. Likuganiza kuti chimene chapezedwa ndi munthu wosaphunzira sichingakhale maphunziro. Amalinyero aja ambiri sanapite patali ndi sukulu, komabe zala zawo zinkadziŵa kuti chibangili cha 4 ndi 6 chimakana chingwe chimodzi, Ashley asanalembe lamulolo pa pepala. Nzeru inalipo kale. Buku linangoipatsa dzina. Vuto la sukulu zambiri nlakuti zimayambira pa dzina, ndipo kaŵirikaŵiri zimatheranso pomwepo. Pamwamba pa apo, ntchito ya manja mwana amakumana nayo ngati chibalo: wachedwa, katchetche, walongolola, kakumbe dzenje. Mwana woleredwa chotero akadzaona munthu akupota chingwe amaona wolakwa kapena wolephera, ndipo sizimufikira m'mutu kuti munthuyo akuŵerenga.

Pali chinanso chimene chingwe chimaposera kope. Mwana akalakwitsa samu m'kope, cholakwacho chimagona momwemo kufikira mphunzitsi atabwera ndi cholembera chofiira, mwina patapita sabata, mwina osabwera konse m'kalasi ya ana oposa zana. Pa ndodo cholakwa chimadziulula chokha. Mfundo imodzi ikatembenuzidwa molakwika mzere umathyoka, ndipo mnzake wokhala naye pafupi amaona msanga. Sikutheka kukopera yankho kwa wina, ndiponso sikutheka kudumpha mizere isanu nkulemba yankho la kumapeto kwa buku. Njira yokonzera ndi imodzi, kumasula kufikira pamene panalakwika, ndipo mwana amene wamasula kaŵiri amayamba kuŵerenga asanamange.

Zipangizo zake sizifuna ndalama za boma. Kachidutswa ka nsungwi kotalika ngati rula, khonje wopota kapena ulusi wa juzi yakale wa mitundu iŵiri, basi. Mphunzitsi agaŵe kalasi paŵiri, nauza onse kuti afole ulusi kuzungulira nsungwi motere: ziŵiri zofiira, zinayi zoyera, ziŵiri zofiira, zinayi zoyera, mpaka kukumana ndi poyambira. Gulu loyamba alipatse zingwe 24, lachiŵiri zingwe 26, ndipo asanene kanthu. A gulu loyamba adzapeza maŵanga awo atabwereza kanayi nakumana bwinobwino, osaoneka poyambira kapena pothera. A gulu lachiŵiri kutsogolo kwa nsungwi kudzaoneka kokongola chimodzimodzi, koma akadzaitembenuza adzapeza zingwe ziŵiri zotsala zija zitagundana ndi ziŵiri zoyamba, mzere wofiira utanenepa kaŵiri kuposa inzake kuyambira pamwamba kufikira pansi.