Muyeseni dokotalayo, koma musamuwoletse pakhonde

Pali kanthu kamene ife ophunzira a m'dziko muno timachita tikamva kuti mwana wa auje wabwerako ku China kapena ku Russia ndi digiri ya udokotala. Timapinda mlomo. Wina amaponya kuti, "Aaa, ogula mapepala aja," gulu lonse la pa WhatsApp n'kufa nalo phwete, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe wafunsa kuti mwanayo anaphunzira pa yunivesite iti, zaka zingati, anagwirapo odwala angati. Tamuweruza ndi dzina la dziko basi. Ndipo oseka kwambiri amakhala ife amene mu wodi timangolowamo tsiku lokazonda matenda, titanyamula nthochi ndi Sobo.

Munthu wa ku Wimbe ngati ine alibe ufulu woseka nthabwala imeneyi. Kuno Mtunthama ndi pakhomo, ndipo mwana aliyense anakula akumva za mtengo wa kachere umene Kamuzu anaphunzirapo a e i o u. Chimene sanatiuze mokwanira kusukulu n'chakuti munthu ameneyu anali ndendende uja tikumusekayu: Mmalawi wophunzira udokotala kunja, wofuna chilolezo choti agwire ntchito kwawo. Anamaliza pa Meharry Medical College ku Tennessee, ku America, mu 1937. Digiri ya ku America sinali yokwanira m'maiko olamulidwa ndi Britain, ndiye anakayambanso ku Edinburgh mpaka kupeza mapepala a kumeneko mu 1941. Mayeso awiri, maiko awiri, ndipo anakhoza konse. Atafuna kubwera ku Nyasaland, olemba mbiri yake amati manesi achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Anakatsegula chipatala chake ku England, kenako ku Ghana, ndipo kuno anadzatera pa 6 July 1958, atabwerera ndale osati jakisoni. Zaka zonsezo odwala a ku Kasungu analibe dokotala wawo, pamene azungu a ku London ankafola pa mzere kumudikira.

Asanabwere iye kunali Daniel Sharpe Malekebu, amene anamaliza pa Meharry pomwepo mu 1917. Atsamunda, akadali ndi mantha a nkhondo ya Chilembwe, sanamulole kukhazikika msanga. Anadzatsegulanso mishoni ya Providence ku Chiradzulu mu 1926. Mwambo woimitsa dokotala wathu pakhomo ndi wakale choncho. Tinautengera kwa atsamunda, ife tangousinthira chilankhulo.

Kamuzu yemweyo sindimusiya wosamukhudza. Dokotala analamula dziko kuyambira 1964, koma anayamba wamanga Academy mu 1981, ana n'kumaloweza Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya, sukulu ya udokotala n'kudzatsegulidwa mu 1991. Zaka khumi pambuyo pake, abale. Tanthauzo lake n'lakuti dokotala aliyense wa Chimalawi wa nthawi imeneyo isanafike anali wophunzira kunja, ndipo ngakhale magulu oyamba a College of Medicine anayambira maphunziro awo ku Britain ndi ku Australia n'kudzamalizira ku Blantyre. Akuluakulu amene anaphunzitsa madokotala athu a lero anatsika ndege ndi digiri yakunja m'chikwama. Kusiyana kwake n'kwakuti yawo inalembedwa m'Chingerezi cha Mfumukazi, ya ana a lero ili ndi zilembo zimene ife sititha kuwerenga.

Tsopano njira yake, chifukwa ambiri amene timakangana pa nkhaniyi sitiidziwa. Digiri ya udokotala si chilolezo chogwira wodwala. Chilolezo chimachokera ku Medical Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 loyang'anira madokotala ndi madokotala a mano. Wophunzira kunja amapereka mapepala ake kuti atsimikizidwe kuti ndi enieni ndiponso kuti sukuluyo ndi yodziwika. Ngati ali m'chilankhulo china, amafunika kumasuliridwa. Kenako amawunikidwa pa chipatala chachikulu, pamaso pa akatswiri, kuti aone ngati manja ndi mutu zikugwirizana ndi pepala. Akadutsa apo ndi pamene amalowa internship, miyezi 18 akuzungulira m'mawodi a ana, azimayi, opaleshoni ndi matenda a akulu, pa zipatala ngati Queens ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Akamaliza amalembedwa m'kaundula mokwanira. Maphunziro a ukatswiri, amene azungu amati residency, amabwera pambuyo pa zonsezi: zaka zinayi za MMed ku KUHeS, yunivesite imene inabadwa mu 2021 College of Medicine itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, kapena njira ya COSECSA kwa ofuna mpeni wa opaleshoni. Khomo lililonse limatseguka pokhapokha lam'mbuyo litatseguka. Ukakakamira pa lachiwiri, iwala zoti udzakhala katswiri wa matenda a ana usanakwane zaka 40.

Musandimve molakwa, ine sindikuti azingolowa. Ayi ndithu. Mwana amene waphunzira ku mzinda wa chipale angamalize zaka zisanu ndi chimodzi osaonapo mwana wokomoka ndi malungo, osaonapo kunyentchera kotupitsa mapazi, osaonapo mayi wofika pa ngolo atavutika ndi pakati usiku wonse. M'maiko ena wophunzira wakunja amangoima kumbuyo kwa aphunzitsi, odwala samulola kuwagwira, chilankhulonso n'kumamuvuta. Nthawi ya Covid, ambiri amene ankaphunzira ku China anakhala nthawi yaitali akuphunzira pa intaneti, ndipo kusoka bala sikuphunziridwa pa Zoom. Pamene kuno dokotala wongomaliza internship amatumizidwa ku chipatala cha boma kumene usiku wina adzakhala yekha ndi mayi wofunika opaleshoni yobereketsa, magetsi atazima, magazi kulibe. Amene adzagone pa tebulo limenelo akhoza kukhala mlongo wanga. Ndiye muyeseni. Muyeseni mwankhanza ngati mukufuna, mayeso ake akhale olimba mofanana ndi a mwana wa ku KUHeS.

Koma kuyesa munthu ndi kumudikiritsa ndi zinthu ziwiri. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa zimenezi. Belo likabwezedwa pa okushoni ku Chinkhoma, limabwezedwa ndi chifukwa: lanyowa, mwasakaniza magiredi, muli zinyalala. Umapsa mtima, koma umadziwa chochita. Umalimasula, n'kusankhanso, n'kupananso pa jeke. Chimene chimapha mlimi ndi belo longokhala m'shedi masabata osadziwa tsiku logulitsa, fodya akutaya mtundu, ngongole ikukula. Dokotala wongomaliza kumene ndi fodya wotero. Mwezi uliwonse umene sakugwira wodwala, manja amaiwala. Ndiye tikamudikiritsa chaka, n'kudzamuyesa, n'kulephera, timati, "Mwaona? Tinanena ife." Tamuwoletsa tokha kenako tikudandaula fungo.

Mnzanga wina wa ku sekondale anabwerako ndi digiri yotere. Miyezi yoyamba ankayenda ndi kachikwama ka mafayilo, nsapato zopolisha, ofesi iyi mawa, ofesi iyo sabata yamawa. Nditadzakumana naye ulendo wina anali atakhala m'shopu ya amalume ake akugulitsa feteleza ndi mankhwala ophera mbozi. Azimayi a m'mudzi ankabwera mwakachetechete kumuonetsa ana odwala, iye n'kumawauza kuti pitani kuchipatala, ine sindinaloledwe. Ankanena zoona, ndipo anachita bwino kukana. Koma tangoganizani kukhala ndi yankho m'mutu, pakamwa atakumanga.

Muzu wa vutoli suli pa mayeso okha. Malo a internship ndi ntchito ya malipiro, ndipo malipiro amachokera ku Capital Hill. Mu 2015 madokotala atsopano oposa 50 a ku College of Medicine, ana amene boma lomwelo linawaphunzitsa ndi misonkho yathu, anauzidwa kuti ndalama zowalembera ntchito palibe, mpaka nkhani inamveka yoti Lesotho ikuwafuna. Ngati mwana wa m'nyumba akugona ndi njala, wobwera kuchokera kutali ayembekezere chiyani? Ndipo boma lomweli limaima pa nsanja n'kumalira kuti madokotala ndi ochepa. Ochepa inde, koma ena mwa ochepawo akugulitsa feteleza.

Pali ena amene ndikufuna ndiwatchule, ngakhale mayina awo sindilemba: ma agent. Anthu ovala masuti amene amafika ndi timapepala tonyezimira, chithunzi cha nyumba yagalasi, mtsikana wovala gawuni yoyera akumwetulira. Amapeza mwana amene mapointi ake a MSCE sanamufikitse ku KUHeS, malo kumeneko ndi ochepa zedi, n'kuuza bambo ake kuti musadandaule, kunja kulibe zovuta zimenezo. Bamboyo ndi mlimi wa burley. Amawerengera mabelo: awa a fizi, awa a ndege, awa a chakudya. Fodya amagulidwa m'madola, inde, koma feteleza, matenanti ndi thiransipoti zimadya kaye gawo lake, ndipo fizi ya kunja sidikira kuti msika utsegulidwe mu April. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja amene ankatumiza ndalama kunja anadzuka m'mawa ngongole itakula iwo ali mtulo. Ng'ombe zimapita, njinga yamoto imapita, azichemwali ake amakhala kaye chaka osapita kusukulu. Zonsezi chifukwa cha mawu amodzi akuti "dokotala". Ndipo palibe amene wamuuza bamboyo funso limodzi lofunika kuposa onse: kodi sukulu imeneyi, mwanayu akadzabwerako, Medical Council idzaivomereza?

Funso limenelo lili ndi poyambira. Pali mndandanda wa pa intaneti wotchedwa World Directory of Medical Schools, pamene mungaone ngati sukuluyo ilipo n'komwe, ngakhale kupezeka pamenepo si chitsimikizo choti kuno adzakulandira. Pali National Council for Higher Education imene imaunika mapepala akunja. Pali Medical Council yeniyeniyo, imene munthu ayenera kuifunsa asanagule tikiti, osati atatsika ndege. Koma zonsezi zili m'Chingerezi, zili ku Lilongwe, zili pa foni ya bandulo. Mlimi wa ku Wimbe amamvera wailesi. Ngati mtengo wa fodya umalengezedwa pa wailesi m'Chichewa, ngati tsiku la katemera wa poliyo limafika mpaka kwa anyakwawa, chikuvuta n'chiyani kulengeza kuti makolo, musanatumize mwana kukaphunzira udokotala kunja, yambani mwafunsa kuno? Chipata chiikidwe potuluka. Kuchiika pobwerera pokha ndiye kudikira munthu amalize kumanga nyumba kenako n'kumuuza kuti malowa ndi a manda.

Ena adzati kulikonse n'chimodzimodzi, ndipo pang'ono akunena zoona. Mmalawi wofuna residency ku America amayenera kutsimikizidwa ndi ECFMG, kukhoza mayeso a USMLE a madola ambirimbiri, kenako kulowa mu Match, imene zotsatira zake zimatuluka mwezi wa March. Ku Britain ambiri amadutsa pa PLAB. Ku South Africa umalembetsa ku HPCSA, ndipo madokotala ambiri ochokera maiko ngati lathu amaphunzira ukatswiri pa malo amene salipidwa, akugwira ntchito usiku ngati anzawo, lendi ikuchokera kwa wowathandiza. Ndi njira zowawa, zina n'zodyera anthu masuku pamutu. Koma taonani ya ku America ija: munthu ali pa foni ku Kasungu akhoza kudziwa lero mayeso ake, mtengo wake ndi mwezi wa yankho. Ndiponso maiko amenewo ali ndi mwayi wosankha, chifukwa dziko lonse likugogoda pakhomo pawo. Ife tikutengera kunyada kwa mwini nkhokwe yodzaza pamene yathu mbewa zikuchita kulira. Kwa zaka zambiri takhala tikubwereza nthano ija yoti ku Manchester kuli madokotala a Chimalawi ambiri kuposa ku Malawi, kulira ana amene anapita. Amene abwera okha, ndi ndalama za makolo awo, osatenga tambala ya boma, tikuwayang'ana chammbali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akulu anatero, ndipo anali alimi a fodya enieni.

Komanso mwana wobwererayu ali ndi chinthu chimene katswiri wochokera ku Ulaya amatenga zaka kuti achiphunzire. Agogo akanena kuti "mtima ukundithawa", kapena kuti "ndili ndi mutu waukulu", kapena mayi akamazungulira mawu chifukwa matenda ali kumalo obisika, iye amamva popanda womasulira. Amadziwa kuti wodwala akati wayamba dzulo ndiye kuti wayamba mwezi watha, anayamba wapita kwa asing'anga. Amadziwa chizungulire ndi nseru za anthu othyola fodya wonyowa m'mawa, chifukwa nayenso anathyolapo. Chimene akusowa ndi miyezi ingapo pansi pa munthu wodziwa, mu wodi ya ana nthawi ya dzinja. Zimenezo zikhoza kukonzedwa. Wolephera mayeso auzidwe kuti wagwa pa gawo lakuti, apatsidwe malo a miyezi isanu ndi umodzi pa chipatala chophunzitsira kuti akonze gawolo, ngakhale alipire pang'ono, n'kudzayesedwanso pa tsiku lodziwika. Wolephera kawiri katatu auzidwe poyera kuti njira iyi si yako, asataye unyamata wake pakhonde.

Lero wodwala wa ku Wimbe amayambira pa chipatala chaching'ono, kumene amene amanyamula katundu yense ndi anesi, ma medical assistant ndi alangizi a zaumoyo. Zikavuta amatumizidwa ku Kasungu boma. Zikavutanso, katswiri ali ku Kamuzu Central, makilomita oposa 100 pa M1, ambulansi ikakhala ndi mafuta. Katswiri amene tikumufuna pafupi mu 2035 ndi mwana amene akuyenera kulowa internship chaka chino, kaya anaphunzira ku Blantyre kaya ku Wuhan.

Ndiye aphungu athu a kuno ku Kasungu, bajeti ikamakambidwa, m'malo mofunsa za ma allowance, funsani nduna ya zaumoyo manambala atatu, ndipo iyankhe pa maikolofoni: malo a internship olipidwa chaka chino ndi angati, ophunzira kunja amene akudikira kuwunikidwa ndi angati, ndipo amene wadikira nthawi yaitali kuposa onse anapereka mafomu ake mwezi uti.