Mfuti yopepuka si mfuti yofatsa

Ambiri a ife tinakula tikusaka mbalame ndi legeni, ulimbo ndi misampha, ndipo panalibe wotifunsa chiphaso. Tsopano ena mwa mamembala athu amene amagwira ntchito m'mafamu a ku England ndi ku Scotland ayamba kuitanidwa kokasaka pheasant ndi partridge, mbalame yofanana ndi nkhwali yathu. Akafuna kugula mfuti ya chifefe, imene kuno amati shotgun, pafupifupi onse amafunsa yopepuka. Ife tikuti, abale, tiyambe taganiza.

Chifukwa chawo n'chomveka. Mfuti ya 12-bore nthawi zambiri imalemera kuposa makilogalamu atatu, ndipo munthu akayenda nayo m'matope a mu Novembala kuyambira m'mawa, pofika madzulo mkono umakhala utalema. Ya 20-bore imalemera pafupifupi makilogalamu 2.7. Koma mphamvu ya chipolopolo siichepa chifukwa choti mfuti yapepuka. Imene chitsulo chikanameza imathera paphewa la mwini wake. Munthu amene mfuti yamupweteka kangapo amayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanawombe n'komwe, ndipo zotsatira zake ndi mbalame yothyoka phiko imene ikafera kutchire. Kuno zimenezi n'zamanyazi, ndipo amene wazichita kawirikawiri saitanidwanso.

W. W. Greener, mmisiri wa mfuti wa ku Birmingham, anasiya muyeso umene ukugwirabe ntchito: mfuti ilemere kuwirikiza ka 96 kulemera kwa timibulu ta m'chipolopolo. Ndiye kuti timibulu ta magalamu 28 timafuna mfuti ya makilogalamu pafupifupi 2.7, pamene ta magalamu 32 timafuna yopitirira pang'ono makilogalamu atatu. Choncho wosankha 20-bore avomerenso zipolopolo za magalamu 24 mpaka 28, ndipo aleke mbalame zouluka m'mwamba kwambiri zidutse. Kwa woyenda mtunda wautali ndi galu, imeneyi ndiyo tikuivomereza. Woima malo amodzi n'kumawomba kambirimbiri, yolemerapo imusunga bwino, popeza siigwedezeka potsata mbalame.

Musagule musanaiyese pa timbale tadothi toponyedwa m'mwamba. Mfuti yosagwirizana ndi kutalika kwa mkono wanu idzakumenyani tsaya ngakhale ikhale yodula chotani. Yakale yotsika mtengo muionetsenso kwa mmisiri, chifukwa nthawi ya mtovu ikutha. Ku England kuwomba abakha ndi atsekwe ndi timibulu tamtovu kunaletsedwa mu 1999, ndipo mu 2025 boma la Britain linalengeza kuti lidzaletsa timibulu totere pafupifupi ponseponse. Mipope yopyapyala ya mfuti zina zakale siipirira zipolopolo zamphamvu za timibulu tachitsulo.

Za lamulo sitichulukitsa mawu: popanda shotgun certificate yochokera kupolisi, imene imakhala zaka zisanu, musasunge mfuti m'nyumba. Mlandu wotere ungawononge ndi mapepala anu okhalira m'dziko lino omwe.

Pali ngozi ina imene timaiopa m'magulu obwerekana zipangizo ngati athu. Chipolopolo cha 20-bore chikalowa mwangozi mu mfuti ya 12-bore chimatsetsereka n'kukatsakamira mkati mwa mpope, mfuti n'kuoneka ngati ilibe kanthu. Wina akaikamo cha 12-bore pambuyo pake n'kuwomba, mpope umaphulikira m'manja. Zipolopolo za 20-bore nthawi zambiri zimakhala zachikasu. Musaziike m'thumba limodzi ndi zinzake, ndipo musanapite kokasaka pisani m'matumba onse a jekete imene mwabwereka.