Musanagule masipika, yezani pabalaza panu

Nyumba zambiri za kuno ku Avondale mu Lusaka, ngakhalenso zongomangidwa kumene cha ku Twin Palm ndi ku Chelstone, zili ndi pabalaza pofanana: makoma a mabuloko a simenti, matailosi pansi, mawindo akuluakulu agalasi, kumwamba siling'i yopyapyala pansi pa malata. Pabalaza potere pamakolopeka msanga ndipo pamazizira bwino mu Okutobala, koma nyimbo sizikhalapo mwaufulu. Mawu akatuluka mu sipika amasowa pomira. Amagunda khoma, kubwerera, kugunda matailosi, kenako galasi, ndipo pofika m'khutu amakhala atasakanikirana. Imani pakati pa chipinda muombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kukupitirira manja atasiya kale, dziwani kuti sipika iliyonse imene mungabweretse idzakumana ndi vuto lomwelo.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona munthu wasunga ndalama miyezi yambiri, wapita ku Kamwala kapena m'mashopu a mu Cairo Road, n'kubwerako ndi mabokosi awiri ofika m'chiuno chifukwa wogulitsa anamuuza kuti, "Bwana, awa ndi amphamvu, onani mawati ake." Nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, yotsatana ndi zilembo za PMPO, siikuuzani kanthu za mphamvu imene chipangizocho chingapereke nyimbo yonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yoyenera kufunsa ndi ya RMS, ndipo ngakhale imeneyo imabwera pambuyo. Choyamba ndi chipinda.

Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Chipinda chilichonse chili ndi mawu a besi amene chimawakokomeza, malinga ndi kutalika kwake. Gawani 343 ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri. Pabalaza potalika mamita 4 pamakokomeza mawu apafupi ndi 43 Hz. Tsono chingwe chachikulu cha gitala ya besi, chikalizidwa chosagwira, chimalira pa 41 Hz. Mukuona pamene pagona nkhani? Woimba besi akangotsikira pansi, chipinda chonse chimalindima, mawindo amanjenjemera, ndipo mawu otsatirawo amakwiririka. Mukasuntha mpando pang'ono kupita pakati, besi yomweyo imazimiririka. Anthu ambiri amaganiza kuti sipika yawonongeka, pamene ndi makoma akuchita zimenezo.

Kwa ife okonda kalindula, izi ndi zazikulu. Mu nyimbo za Amayenge, Serenje Kalindula Band kapena P.K. Chishala, besi sikhala kumbuyo kumangogunda. Imayenda, imadumpha, imatsogolera gule, ndipo kukoma kwake kuli pomva phazi lililonse pamene yaponda. Sipika yaikulu yoikidwa pakona ya chipinda chaching'ono imasandutsa ulendo wonsewo kukhala kugunda kumodzi kosatha. Ine ndimati kumeneko n'kumulakwira woimba uja. Pa chipinda cha mamita 3 ndi 4, masipika aang'ono okhala pa zoimikira, a wufa (mbali yotulutsa besi) ya mainchesi 5 kapena 6, amaimveketsa besi ya kalindula mwadongosolo kuposa mabokosi otalika. Otalikawo ali ndi malo ake: nyumba zakale za ku Kabulonga ndi Woodlands zokhala ndi pabalaza potakasuka, pamene sipika ingatalikirane ndi khoma munthu n'kukhalabe ndi podutsa.

Yang'anani kumbuyo kwa sipika musanalipire. Zambiri zili ndi bowo lotulutsira mpweya wa besi. Bowolo likakhala kumbuyo, sipikayo imafuna mpata pakati pa iyo ndi khoma, mwina theka la mita. Ngati kwanu mpatawo palibe, chifukwa kabati ya TV yadzaza kale, funani ya bowo lakutsogolo kapena yotsekeratu. Mukafika nayo kunyumba, kasipika kakang'ono ka mawu okwera, ka twita, kakhale kolingana ndi makutu anu mutakhala pansi, ndipo mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa iliyonse kufika pa mpando wanu. Yalani kapeti yokhuthala pakati pa inu ndi masipika, kolekani makatani olemera, ikani shelefu ya mabuku ku khoma lopanda kanthu. Ndalama ya kapeti ndi yochepa poyerekeza ndi ya ampulifaya yatsopano, koma m'nyumba ya matailosi kusintha kumene imabweretsa kumamveka tsiku lomwelo.

Pofananiza sipika ndi ampulifaya, manambala ofunika a pa sipikayo ndi awiri. Yoyamba ndi ya madesibelo, imene imasonyeza kukwera kwa mawu sipika ikapatsidwa wati imodzi, munthu ali pa mita imodzi. Kusiyana kwa madesibelo 3 kumatanthauza kuwirikiza mphamvu kawiri: sipika ya 85 dB imafuna mawati 60 kuti ifike pamene ya 88 dB yafika ndi mawati 30. Ngati muli ndi ampulifaya yakale ya bambo anu, ya Pioneer, Kenwood kapena Sansui, yoyera kumaso, ya mawati 25 kapena 30, musaitaye. Ifunireni sipika ya 88 dB kupita m'mwamba. Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm. Sipika ya 4 ohms imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8, ndipo ampulifaya yosakonzekera zimenezo imatentha kapena kuzima yokha. Werengani zolembedwa pafupi ndi polumikizira mawaya. Dziwaninso kuti ampulifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka mawu kuyamba kusasa imatha kupsereza twita, ngakhale sipikayo ikhale ya mawati ochuluka.

Kenako nyimbo zanu. Pokagula, tengani zanu zimene mumazidziwa bwino, osadalira zimene wogulitsa wasankha, chifukwa iye amadziwa nyimbo imene imabisa zofooka za katundu wake. Wokonda Zamrock atenge WITCH, Paul Ngozi kapena chimbale cha Amanaz cha Africa cha mu 1975. Magitala a nthawi imeneyo ndi aukali mwadala, ndipo sipika yokokomeza mawu okwera imawachititsa kulasa m'khutu moti simungathe mbali imodzi ya chimbale. Wokonda makwaya a kutchalitchi amvetsere ngati mawu aamuna ndi aakazi akusiyanitsika, kapena angokhala mulu umodzi. Banjo ya Allan Namoko imafuna sipika yosachedwa kusiya mawu chingwe chikangoleka. Achinyamata a amapiano ndiwo ali ndi chifukwa chomveka chofunira besi yakuya. Kwa iwo masipika aang'ono ndi sabuwufa imodzi yokhala ndi posinthira pake ndi njira yabwino, popeza sabuwufa ingasunthidwe mpaka mupeze pamene chipinda sichilindima.

Ndimakumbukiranso kuti mzinda uno unaphunzira kumvera nyimbo pa kasipika kamodzi. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo kudzera mwa iko anthu a m'midzi ya kutali ankamva Alick Nkhata akuimba ndi kuulutsa mawu kuchokera ku Lusaka. Kanalibe besi yoti n'kugwedeza zenera, koma liwu la munthu linkamveka. Muyeso umenewo ndimaugwiritsabe ntchito: ndimayamba ndamvera liwu la munthu wolankhula pa wailesi. Likamveka ngati akulankhulira m'mphuno kapena lonenepa mopitirira, sipikayo ndimaisiya.

Masipika ogwiritsidwapo kale ntchito ndi abwino ngati muwayendera mosamala. Chotsani chophimba chakutsogolo muone mkombero wofewa wozungulira wufa. Wa siponji umafumbutuka ukakalamba, ngakhale amisiri amatha kuusintha. Kankhani wufayo pang'onopang'ono ndi zala mumve ngati ikukhula m'kati. Ikani khutu pa twita iliyonse nyimbo ikuimba chapansipansi, chifukwa twita yakufa siidziwika m'phokoso la pamsika.

Chomaliza ndi magetsi. Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, mabanja ambiri kuno anagula mainveta. Otchipa ena satulutsa magetsi osalala, ndipo thiransifoma ya ampulifaya imang'ung'udza ikalumikizidwa kwa iwo. Funsani ngati inveta yanu ndi ya pure sine wave musanaipatse ampulifaya, ndipo magetsi akazima zimitsani ampulifayayo pakhoma mpaka atabweranso n'kukhazikika.