Fupa lochokera m'mwala: chiyembekezo chatsopano kwa ozulidwa mano

Dzino likazulidwa, vuto silithera pomwepo. Fupa la nsagwada lomwe linkagwira dzinolo limayamba kufota, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti m'chaka chimodzi chokha likhoza kuchepa m'lifupi mpaka ndi theka. Zikatero, dokotala amasowa pozika dzino loikirira, pokhapokha atayamba wadzaza malowo ndi fupa lina.

Funso n'lakuti fupalo lichokere kuti. Kulidula pathupi la wodwala yemweyo kumatanthauza opaleshoni yachiwiri ndi bala lina. Fupa la ng'ombe lokonzedwa, monga Bio-Oss ya ku Switzerland, limagwira ntchito bwino, koma n'lokwera mtengo, komanso odwala ena amakana chochokera ku nyama kaamba ka chipembedzo.

N'chifukwa chake akatswiri atembenukira ku miyala. Gawo lalikulu la fupa la munthu ndi mchere wa calcium ndi phosphate wotchedwa hydroxyapatite. Calcium yemweyo ali mbwee m'miyala ya laimu, m'zigoba za mazira ndi za nkhono. Akaziotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 900 n'kuzisakaniza ndi phosphate, pamatuluka ufa wofanana ndi mchere wa m'fupa. Ufawo amauumba timibulu tokhala ndi timabowo, momwe mitsempha ya magazi ndi maselo a fupa amalowa n'kuyamba kumanga fupa lenileni.

Njirayi si maloto. Mu 1974, Della Roy ndi mnzake ku America adasandutsa miyala ya m'nyanja ya coral kukhala hydroxyapatite. Mu 2017, dziko la Japan lidavomereza Cytrans Granules, timibulu ta carbonate apatite tomwe tidachokera m'kafukufuku wa Kunio Ishikawa wa ku Kyushu University. Timibuluti timasungunuka pang'onopang'ono pamene fupa la wodwala likulowa m'malo mwake.

Ku Malawi zipangizo zoyambira zilipo: laimu ku Balaka, ndi miyala ya apatite paphiri la Tundulu ku Phalombe. Maphunziro a udokotala wa mano adayambanso m'dziko muno mu 2019, pasukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences.

Komatu mwala wokumbidwa pansi suikidwa m'kamwa mwa munthu mwachisawawa. Umatha kukhala ndi zitsulo zapoizoni monga lead ndi cadmium, zomwe ziyenera kuchotsedwa. Ufawo uyenera kuyezedwa m'labotale, kuphedwa tizilombo, kuyesedwa pa nyama kenako pa anthu, boma lisanauvomereze. Apa ndi pamene pamalowa ndalama zambiri ndi zaka zambiri.

Choncho phindu silili mwa mwini mwala, koma mwa yemwe angauyeretse ndi kutsimikiza kuti suvulaza munthu. Dziko lopanda malabotale otere lipitiriza kugulitsa miyala yake motchipa pa matani, n'kumagula fupa lopangidwa kunja modula pa magalamu.