KALATA YA MPINGO IRI PANSI PA BOKOSI

Abale athu a m'migodi ndi a m'mafamu, tifuna kukamba nanu mau ocepa pa cinthu cimene citibvuta mumtima, ndipo tikamba monga apaulendo anzanu, pakuti mlanduwu uli pa ifenso. Ambiri a ife pocoka kwathu tinapita kwa akuru a mpingo kukatenga kalata yocitira umboni kuti ndife Akristu. Tinaipinda bwino, tinaiika pansi pa bokosi pamodzi ndi jekete la pa Sabata. Ndipo kwa ena a ife iri momwemo kufikira lero, njenjete zayamba kuidya. Tsono tifunsane: kodi Yesu amene anatiitana kumudzi anatsala pa malire, kapena anaoloka nafe Zambezi ndi Limpopo?

Tikumbukire kumene Ambuye anapeza ophunzira ace oyamba. Petro ndi Andreya anali pa nyanja ya Galileya ndi khoka lao, Yakobo ndi Yohane anali kusoka makoka m'ngalawa ya atate wao, ndipo Mateyu anali pa nchito yace yolandira msonkho. Paulo yemwe, pofika ku Korinto ali mlendo, anakhala kwa Akula ndi Priskila, nasoka nao mahema kuti apeze cakudya. Cotero kutsata Yesu kunayambira pa malo a nchito, pakati pa anthu a thukuta onga ife. Ndipo munthu amene ayesa kuti adzayamba kumtsata bwino akadzabwerera kumudzi, adzinyenga yekha.

Ena a inu okhala ku Zimbabwe mwaona khamu la anthu limene lisonkhana caka ndi caka m'mwezi wa June kufupi ndi Marondera, kukumbukira Bernard Mizeki. Ambiri akumbukira imfa yace, pakuti analasidwa ndi mkondo nafa pa 18 June 1896, pa nkhondo ya caka cimeneco, atakana kuthawa ndi kusiya anthu amene anali kuwaphunzitsa m'dziko la mfumu Mangwende. Koma ife tifuna muyang'ane zaka zace zoyamba. Iye anabadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique, namka ku Cape Town ali mnyamata kukafuna nchito, monga tacita ife. Anagwira nchito ya manja zaka zambiri, nagona m'nyumba za aumphawi kumene mowa unali kutha anzace. Koma iye anaukana, ndipo poweruka madzulo anali kumka ku sukulu ya usiku. Anabatizidwa mu 1886, ndipo mu 1891 anatsagana ndi Bishopo Knight-Bruce kumka ku Mashonaland. Kulimba mtima kumene anaonetsa pa tsiku la mkondo anakuphunzira kale pa madzulo a Loweruka, pamene anzace anali kumkokera ku mowa.

Ndiponso tisawiringule kuti kuno tiribe mbusa. Mu 1925 ku Ndola, pamene nchito ya migodi ya kopa inali kukula m'dera lomwelo, anchito ocokera ku mipingo yosiyanasiyana, ambiri a iwo a ku Nyasaland, amene lero ndi Malawi, sanadikire Mzungu iai. Anasonkhana okha, nasankha akuru ao, namanga nyumba yopemphereramo ndi zopereka zao. Amishoni anadza pambuyo, napeza mpingo uli ciriri. Anthu amenewo anali kuweruka otopa monga ife.

Nanga kutsata kumeneku kuoneka bwanji m'komboni? Poyamba kuoneka pa tsiku la malipiro. Kumudzi kuli mkazi amene alima yekha, kuli ana ofuna ndarama za sukulu, kuli amai okalamba amene ayang'ana kumseu. Makolo athu anali kudikira mnzao wobwerera kwao kuti ampatsire ndarama ndi nsaru. Lero ndarama ifika pa lamya ya m'manja tsiku lomwelo, ndipo cowiringula catha. Palibe munthu anacoka kwao ndi mtima wakuti akakhale mchona. Uchona uyamba ndi mwezi umodzi umene malipiro athera ku mowa ndi ku njuga. Mwezi waciwiri munthu agwidwa manyazi naleka kuyankha lamya. Pambuyo pace alowa m'nyumba ya mkazi wina, ndipo ana ace akula osadziwa nkhope yace. Pangano limene tinacita pamaso pa mpingo ndi ankhoswe silisungunuka cifukwa ca kutalika kwa njira. Ndipo iye amene akongoza mnzace wa m'cipinda cimodzi mwa katapila, nalandira kawiri cimene anapereka, asayese kuti nyimbo yace ya pa Sabata idzabisa kanthu.

Caciwiri, kuoneka pa nchito penipeni. Pansi pa mgodi moyo wa munthu uli m'manja mwa mnzace. Ngati waona mwala wang'ambika pamwamba, nena, ngakhale kapitao akwiye, ngakhale bonasi icepe. Pakuti amene adzalowa pamalopo mawa ali ndi ana monga iwe. Ngati ndiwe kapitao pa famu, lemba masiku a anthu ako moona, usalandire ciphuphu kwa wofuna nchito, usatume mnyamata kukapopera mankhwala wopanda zodzichinjiriza nazo. Ndipo tisanamizane kuti Mkristu ndi munthu wongobvomera ziri zonse kwa bwana. Wophunzira wa Yesu saba nthawi kapena katundu wa mwini nchito. Koma kalata ya Yakobo itsutsa kolimba eni minda amene amana okolola malipiro ao, ndipo ngati mnzako wamanidwa zace, kukhala cete kwako si kufatsa iai, ndi mantha. Imirira naye, nunene zoona mwaulemu, wopanda kutukwana ndi wopanda ndeu.

Cacitatu, kuoneka pa mlendo. Ife tonse tidziwa kuwawa kwa kufika usiku kwa eni, wopanda bulangete, wosamva cinenero cao. Tsono wina akafika cotero, tisayambe kufunsa ngati ali Mcewa, Mtumbuka, Msena kapena Mshona. Timpatse malo pa mbale ya nsima. Wodwala amene wagona yekha anzace atapita ku nchito, timtungire madzi. Wakufa kutali ndi kwao, tisonkhe kuti aikidwe monga munthu, ndipo abale ace amve uthenga. Akuru anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Ambuye apitirira pamenepo, pakuti atilamulira kuzimira ngakhale iye amene sadzatibwezera.

Tidziwa kuti wina adzati, Ine ndigwira nchito ngakhale pa Sabata, ndipo nyumba ya Mulungu iri kutali. Zoonadi, sitipeputsa kulema kwanu. Koma zimene tanenazi, nciti mwa izo cimene cifuna belu kapena guwa? Zonse zicitika Lolemba kufikira Loweruka, ndi manja omwewo amene agwira fosholo ndi khasu. Anzathu a m'komboni amene sanatsegulepo Buku Lopatulika ayang'ana makhalidwe athu, ndipo cimene adzanena za Yesu cicokera pa cimene aona mwa ife.

Cifukwa cace, abale, sabata ino tsegulani bokosi, turutsani kalata ija. Ngati pali mpingo pafupi, kaiperekeni kwa akuru. Ngati palibe, itanani mnansi wanu madzulo, muwerenge pamodzi ndi kupempherera a kumudzi, monga anacita a ku Ndola aja. Ndipo amene mwatha miyezi osalankhula ndi akwanu, musadikire kuti muyambe mwapeza ndarama zambiri. Imbani lamya lero, pakuti alipo amene akudikirani.