Ngongole ya lendi isameze chigayo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani imene ikutopetsa mafumu ndi akulu a mpingo kuno kwa Njewa ndi m'misika ya mumsewu wa ku Mchinji, monga pa Mpingu ndi pa Namitete. Ndikunena za katundu wotsala m'nyumba ya lendi bizinesi ikagwa.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8 anali ndi chigayo cha magetsi m'nyumba ya lendi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima nthawi yaitali, ndipo amayi anazolowera chigayo cha dizilo. Asanapume n'komwe, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lamba, sefa ndi nyundo za chigayo zinakwera mtengo. Anakakamira, koma potsiriza anatseka ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi isanu. M'mawa mwake anapeza loko wa eni nyumba pachitseko, mota ndi sikelo zili m'kati.

Sindikuti eni nyumbawo ndi oipa mtima. Nawonso amadya lendi yomweyo, ndipo taonapo alendi akuzula waya, zitseko ndi mawindo usiku n'kuthawa. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Mtengo wa mota uja ukuposa ngongoleyo kutalitali. Ili m'chipinda mota sigaya, imangochita dzimbiri, makoswe akudya waya. Nanga mnyamatayo ndalama yobweza aipeza kuti, poti khasu lake mwamulanda? Chinanso, mota ija anaigula ndi ngongole ya ku banki mkhonde, choncho amayi a gulu lija nawonso akulozera chipinda chomwecho. Wogwira katundu wa mlendi nthawi zambiri amagwira katundu wa anthu amene sanamulakwire.

Njira yake ilipo. Ngongole ya lendi ndi mlandu wa ku khoti la majisitireti, ndipo khoti likagamula, olanda katundu ndi a sherifu, atanyamula kalata. Kupolisi sikotolerako ngongole. Wosauka angathe kukadandaula ku Legal Aid Bureau mu mzinda wa Lilongwe. Koma kunena zoona, thiransipoti yobwerezabwereza ya ku tauni ingathe kumaliza ndalama imene mukulimbiranayo.

N'chifukwa chake ndikupempha anyakwawa, abusa ndi ansembe, poti milanduyi imathera pakhonde panu. Munthu akamalowa m'nyumba, muwakakamize alembe, ngakhale pa pepala la m'kope. Alembe katundu amene mlendi walowa naye, nambala ya mota, amene walipira kukokera magetsi, ndiponso ngati simenti ndi waya zidzatsale potuluka. Alembenso chodzachitika lendi ikadumpha miyezi iwiri. Mboni ziwiri zisainire, aliyense asunge pepala lake. Ife kusukulu ngakhale choko timalemba m'buku, nanga chigayo?

Pa mlandu wa mnyamatayu palibe chimene chinalembedwa. Tinawapempha eni nyumba kuti atulutse mota akaibwereketse kwa wina, ndalama yake izidula ngongole mwezi ndi mwezi. Anakana, ati akadzaitulutsa sadzaionanso. Mnyamatayo tsopano akupalasa kabaza ya eni ake, ndipo chipindacho sichinapeze mlendi wina popeza mota yadzaza malo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
T/A Njewa, Lilongwe.